Phunziro: Kudziwa Ejenti wa Nyumba Wokhulupirika

Mawu otsogolera

Ophunzira nonse, lero tikambirana za munthu amene amaima pakati pa mwini nyumba ndi wofuna nyumba ya lendi. Dzina lake lodziwika ndi ejenti, koma amene adapwetekedwapo naye amamutcha dobadoba. Ntchito yakeyo payokha si yoipa. Mphunzitsi amene wangosamutsidwa kumene sadziwa kuti nyumba yopanda munthu ili kuti, ndipo mwini nyumba amene ali kutali sangamatolere yekha lendi mwezi ndi mwezi. Onsewa amafuna wowathandiza. Vuto ndi lakuti ndalama za anthu awiri zimadutsa m'manja mwa munthu wachitatu, amene nyumbayo si yake.

Pomaliza phunziroli muzitha kuchita zinthu zinayi: kufotokoza ntchito ya ejenti, kumuyesa musanamupatse ndalama, kulemba pepala la mgwirizano, ndi kudziwa kopita zinthu zikasokonekera. Mfundo yaikulu yoti muigwire ndi iyi: ejenti sitimukhulupirira chifukwa cha kalankhulidwe kake, koma chifukwa cha zimene tingathe kuzitsimikiza tokha.

1. Nkhaniyi yatifika bwanji kuno kwathu?

Kale m'midzi ya kwa Chadza, kwa Chiseka, kwa Kalumbu ndi kwa Mazengera, kulipira malo ogona sikunali kodziwika. Mlendo ankafikira kwa amfumu kapena kwa abale ake. Lero zinthu zasintha. Pa Mitundu pali chipatala, sukulu ya sekondale, polisi ndi msika waukulu, ndipo ogwira ntchito m'malo amenewa ambiri ndi obwera. Chapafupi pali sukulu ya zaulimi ya Bunda, imene kuyambira 2012 ili pansi pa yunivesite ya LUANAR. Ophunzira ake adachuluka kuposa malo ogona a pasukulupo, motero ambiri amachita lendi m'midzi yozungulira. Pa Nathenje pamadutsa msewu wa M1, ndipo munthu akhoza kugona pamenepo n'kumakagwira ntchito mumzinda wa Lilongwe. Kuyambira pamenepo mpaka pa mlatho wa Diamphwe, m'malire ndi boma la Dedza, nthawi yokolola kumabwera ogula soya, mtedza ndi chimanga, amene amafuna sitolo kapena chipinda chosungiramo matumba.

Palinso abale athu amene ali ku Joni ndi kwina kunja. Amatumiza ndalama, nyumba ya malata imamangidwa, kenako amaisiya m'manja mwa wina kuti aziyang'anira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti, malata ndi lendi zidakwera. Nyumba yabwino ya mtengo wofikirika idayamba kusowa, ndipo pamene pali kusowa ndi pomwe wachinyengo amadyera.

2. Ntchito ya ejenti ndi yotani?

Pali ntchito ziwiri zimene anthu amakonda kuzisokoneza.

Yoyamba ndi yolozera nyumba. Ejenti wotere amadziwa pamene pali nyumba yopanda munthu, amakutengerani kukaiona, amakukumanitsani ndi mwini wake, n'kulandira komishoni yake. Mukalowa m'nyumbamo, ntchito yake yathera pomwepo. Lendi sikhala yake, ndipo sayenera kuilandira pokhapokha mwini nyumba atanena yekha.

Yachiwiri ndi yoyang'anira nyumba. Uyu amaimira landilodi nthawi yonse: amasankha tenanti, amatolera lendi, amaitana mmisiri denga likadontha, amapereka notisi. Malipiro ake amachokera kwa landilodi, kawirikawiri ngati gawo la lendi ya mwezi uliwonse. M'mizinda ntchitoyi imagwiridwa ndi makampani monga Knight Frank. Kuno kwathu amene amaigwira nthawi zambiri ndi mphwake wa mwini nyumba, mlamu wake, kapena mwini golosale yoyandikana nayo.

Funso loyamba kwa ejenti aliyense ndi ili: "Kodi achimwene, inu mwangondilozera nyumbayi, kapena ndinu amene mumaiyang'anira? Nanga adakutumani ndani?" Munthu woona amayankha mosachedwa. Wachinyengo amazungulira.

3. Kodi malamulo akuti chiyani?

Ntchito yogulitsa ndi kubwereketsa nyumba za eni ili ndi malamulo ake. Kwa zaka zambiri idakhala pansi pa lamulo lotchedwa Land Economy Surveyors, Valuers, Estate Agents and Auctioneers Act, ndipo bungwe la Land Economy Board ndilo linkalemba m'kaundula anthu oyenera kuigwira. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la Real Estate Management lolongosola ntchito yomweyi. Tanthauzo lake kwa ife ndi lakuti munthu akadzitcha kampani, tili ndi ufulu womufunsa chiphaso chake ndi ofesi yake.

Komabe tisanamizane. Ambiri mwa anyamata amene amalozera nyumba pa Mitundu, pa Bunda kapena pa Nathenje alibe chiphaso chilichonse. Ofesi yawo ndi foni ndi njinga. Ena mwa iwo ndi anthu oona mtima amene akufuna pogulira ufa. Choncho chiphaso chikapanda kupezeka, timagwiritsa ntchito mayeso ena, amene ndi awa akubwerawa.

4. Mayeso anayi a wofuna nyumba

Yeso loyamba: Kodi ejentiyu amadziwika?

Mufunseni dzina lake lonse ndipo muone chitupa chake cha unzika. Kuyambira 2017, pamene bungwe la National Registration Bureau lidalembetsa anthu m'dziko lonse, munthu wamkulu amene akugwira ntchito ya ndalama za anthu alibe chifukwa chokanira kuonetsa chitupa. Dziwani kumene amakhala, ndi mudzi wa amfumu ake. Kenako mufunseni anthu awiri amene adawapezerapo nyumba, mukalankhule nawo iye palibe. Funsaninso amayi ogulitsa tomato pamsika ndi anyamata a kabaza. Anthu amenewa amadziwa amene adathawitsapo ndalama za munthu. Akulu adati safunsa adadya phula.

Yeso lachiwiri: Kodi nyumbayo mwailowa?

Chithunzi cha pa Facebook kapena pa WhatsApp si nyumba. Chikhoza kukhala cha nyumba ya ku Area 25 kapena ya dziko lina. Kuionera panja kokha, ejenti akunena kuti makiyi ali ndi bwana amene wachokapo, sikukwanira. Lowani m'kati masana. Yang'anani kudenga: ngati kuwala kwa dzuwa kukulowa m'mabowo a misomali, mvula nayo idzalowa. Yang'anani m'munsi mwa khoma: mzere wakuda kapena pulasitala wofufuma ndi chizindikiro choti nthawi ya dzinja madzi amakwera, makamaka nyumba ikakhala pafupi ndi dambo. Gogodani mafelemu a zitseko kuti mumve ngati chiswe chidadya m'kati. Pitani kuchimbudzi, muone ngati dzenje lili pafupi kudzaza, ndipo mufunse kuti mabanja angati amachigwiritsa ntchito. Funsani za madzi: mpopi, mjigo kapena chitsime, ndipo ndi mtunda wotani. Ngati pali magetsi a ESCOM, dziwani ngati mita ndi yanu yokha kapena ndi yogawana, chifukwa mikangano yambiri ya pamdadada imayambira pa mayunitsi.

Ejenti wabwino sakwiya ndi mafunso amenewa. Nthawi zina amayamba ndi iye kukuuzani choipa cha nyumbayo.

Yeso lachitatu: Kodi mwakumana ndi mwini nyumba weniweni?

Apa tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Nyumba zambiri za kuno zili pa malo a makolo, ndipo zilibe pepala la umwini ngati la nyumba za mumzinda. Lamulo la Customary Land Act la 2016 lidatsegula njira yolembetsera malo otere, koma nyumba zochuluka umboni wake ukadali pakamwa pa anthu: anyakwawa, abale ndi oyandikana nawo.

Taonani mmene zimasokonekera. Kuno kwa Achewa, mwamuna wa chikamwini amamanga pa malo a kwa mkazi wake. Banja likagwedezeka, bamboyo akhoza kuuza ejenti kuti apeze tenanti, n'kulandira lendi ya miyezi itatu. Inu mukangotsitsa katundu, mayi uja akubwera ndi atsibweni ake, n'kukuuzani kuti malowo ndi a mbumba yawo ndipo za lendi sakuzidziwa. Chimodzimodzi nyumba ya masiye. Bambo akamwalira, mwana mmodzi kapena mchimwene wa malemu akhoza kuthamangira kuibwereketsa, mayi wamasiye ndi ana ena asakudziwa. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda chuma chotere ndi mlandu, ndipo inu simukufuna kukhala m'nyumba imene ili pakati pa mlandu.

Choncho musakhutire ndi mawu a pafoni. Munthu wachinyengo akhoza kukupatsani foni kuti mulankhule ndi mnzake amene akudziyesa landilodi. Kumanani ndi mwini wake maso ndi maso, pakhomo pa nyumbayo. Mukatero, tulukani nokha, mukagogode nyumba yoyandikana nayo, n'kufunsa mwaulemu kuti: "Zikomo mayi, ndife alendo, tikufuna kulowa nyumba iyi. Kodi eni ake ndani, ndipo amene ankakhalamo adatuluka bwanji?" Mphindi zochepa zimenezi zimaulula zambiri. Ngati mwini nyumba ali ku Joni kapena ku Blantyre, lankhulani naye pa vidiyo, anyakwawa kapena mbale wake wodziwika ali pomwepo, ndipo anene yekha kuti ndalama muzipereka kwa yani.

Kwa amene mudzapite kumzinda, dziwani kuti nyumba za Malawi Housing Corporation zili ndi mwini wake, amene ndi bungwelo. Wokhalamo alibe mphamvu yokubwereketsani mwa iye yekha, ngakhale ejenti atanena zokoma chotani.

Yeso lachinayi: Kodi ndalama ikuyenda poyera?

Ejenti anene malipiro ake musananyamuke kukaona nyumba. Ena amafuna kandalama koonetsera nyumba, ena komishoni yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi, ena theka lake. Palibe choipa kukambirana mtengo. Choipa ndi ndalama imene imatulukira pambuyo, kapena ejenti amene amakuyendetsani nyumba zisanu zosayenera n'kumatolera yoonetsera pa iliyonse.

Chenjerani ndi mawu awa: "Tumizani kaye dipoziti, pali wina akubwera nayo ndalama masana ano." Kufulumizitsa ndicho chida chachikulu cha wakuba. Nthawi yotsegulira sukulu, pamene ophunzira ambiri akufuna malo tsiku limodzi, chipinda chimodzi chikhoza kulandiridwira dipoziti kwa anthu atatu, ndipo tsiku lolowa foni ya ejenti imakhala yozimitsa.

Dongosolo lake likhale ili: kuona nyumba, kukumana ndi mwini wake, kusainirana, kulandira makiyi, kenako kupereka ndalama. Lendi ndi dipoziti zipite kwa landilodi, komishoni yokha ndiyo ipite kwa ejenti. Mukamatumiza pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, werengani dzina limene latuluka. Ngati si la munthu amene mwagwirizana naye, imani kaye. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita musaufufute. Mukapereka ndalama pamanja, landirani risiti yosainidwa pamaso pa mboni.

5. Kwa inu eni nyumba

Landilodi nayenso amapwetekeka, ndipo kawirikawiri amazindikira mochedwa. Njira zake ndi zodziwika. Ejenti amauza tenanti mtengo wokwera, kwa inu n'kubweretsa wotsika. Amalandira lendi n'kumakuuzani kuti tenanti sadalipire. Amanena kuti nyumba ilibe munthu pamene muli banja. Amakuuzani kuti wagula matumba asanu a simenti pamene wagula awiri.

Posankha woyang'anira, yambani ndi amene ali ndi chotaya: munthu wokhazikika pamalo, wa banja lake, wa ntchito kapena bizinesi yodziwika. Funsani eni nyumba ena amene amawagwirira ntchito, makamaka za tsiku limene ndalama imafika. Chibale pachokha si chitsimikizo. Mphwanu akadya lendi, zimavuta kumutengera kubwalo, ndipo nkhaniyo imatha ndi chidani cha pamtundu. Ngati mwasankha wachibale, mulipireni monga mmene mukadalipirira mlendo, ndipo mulemberane monga mmene mukadalemberana ndi mlendo.

Kenako tsekani mipata inayi. Choyamba, tenanti azitumiza lendi mwachindunji ku foni kapena ku akaunti yanu, inu n'kumalipira ejenti gawo lake. Chachiwiri, mukhale ndi nambala ya tenanti, iyenso akhale ndi yanu. Ejenti amene safuna kuti inu ndi tenanti mudziwane ali ndi chimene akubisa. Chachitatu, ikani malire a ndalama imene angawononge pokonza zinthu asanakufunseni, ndipo pa chokonza chilichonse pakhale chithunzi ndi risiti. Chachinayi, mapepala a malo anu musamusiyire. Mwamutuma kubwereketsa, osati kugulitsa kapena kuikira chikole pa ngongole.

6. Pepala la mgwirizano

Silifuna loya kapena Chingerezi. Tsamba la kope lolembedwa m'Chichewa chomveka limathandiza kwambiri kuposa lonjezo la pakamwa. Mulembemo izi: mayina ndi manambala a zitupa a landilodi, tenanti ndi ejenti; pamene nyumbayo ili; lendi ya pamwezi ndi tsiku lolipira; amene azilandira; kuchuluka kwa dipoziti, amene akuisunga ndi zimene zingachititse kuti idulidwe; wolipira madzi ndi magetsi; wokonza denga, chimbudzi ndi maloko; kutalika kwa notisi ya mbali zonse ziwiri; ndi nthawi imene iyenera kudutsa lendi isanakwezedwe. Kumbuyo kwake lembani mmene nyumbayo ilili tsiku lolowa: magalasi osweka angati, makiyi angati, mita ikuwerenga chiyani. Jambulani zithunzi. Asaine onse pamodzi ndi mboni ziwiri, ndipo aliyense atenge pepala lake.

7. Chitsanzo cha masamu

Tiyerekeze kuti namwino wasamutsidwira ku Mitundu. Ejenti wamupezera nyumba ya K80,000 pamwezi. Landilodi akufuna miyezi itatu yoyambira, imene ndi K240,000, ndi dipoziti ya mwezi umodzi, K80,000. Ejenti akufuna theka la lendi ya mwezi, K40,000. Zonse pamodzi ndi K360,000.

Namwinoyu akatumiza ndalama yonseyi kwa ejenti asanaone landilodi, waika K360,000 m'manja mwa munthu amene gawo lake ndi K40,000 yokha. Akatsata dongosolo lathu, K320,000 ipita kwa mwini nyumba atasainirana, ndipo ejenti alandira yake makiyi ali kale m'manja mwa namwino.

Tsopano tiyang'ane mbali ya landilodi. Tiyerekeze kuti ali ku Johannesburg, ndipo ejenti adamuuza kuti nyumbayo ikupita pa K65,000. Kusiyana kwake ndi K15,000 pamwezi, imene pachaka ndi K180,000. Foni imodzi yokha pakati pa landilodi ndi tenanti ikadaulula zimenezi mwezi woyamba.

8. Zikasokonekera tipite kuti?

Ngati munthu walandira ndalama ponama kuti nyumba ndi yake kapena kuti adatumidwa, umenewo ndi mlandu wopeza ndalama mwachinyengo, umene uli pa gawo 319 la malamulo a milandu a Penal Code. Pitani kupolisi msanga, mutatenga risiti, mauthenga a pafoni, nambala yake ndi mboni. Musachite manyazi, chifukwa kukhala chete kumapatsa wakubayo mpata wopweteka wina.

Ngati nkhani ndi ya kusamvana, monga dipoziti imene sikubwezedwa kapena lendi imene yatsalira, yambani ndi kukambirana pamaso pa mboni zija. Zikakanika pitani kwa anyakwawa, ndipo zikakanikanso, kukhoti la majisitireti. Landilodi kapena ejenti wake asazule chitseko, asasasule malata, asatayire katundu wa tenanti panja. Kuchita zimenezo kumasandutsa wodandaula kukhala woyankha mlandu. Tenanti nayenso asathawe usiku ndi ngongole, chifukwa mbiri imamutsata kumene akupita.

Mafunso obwereza

1. Fotokozani kusiyana kwa ejenti wolozera nyumba ndi ejenti woyang'anira nyumba.
2. N'chifukwa chiyani kulankhula ndi landilodi pafoni pokha sikukwanira?
3. Tchulani njira ziwiri zimene nyumba ya pa malo a makolo ingabwereketsedwere ndi munthu wopanda mphamvu pa nyumbayo.
4. Lembani mwandondomeko zinthu zisanu zimene zimachitika kuyambira poona nyumba mpaka popereka ndalama.
5. Lendi ndi K50,000 pamwezi. Landilodi akufuna miyezi iwiri yoyambira ndi dipoziti ya mwezi umodzi, ejenti akufuna theka la lendi ya mwezi. Ndi ndalama zingati zipite kwa landilodi, ndipo ndi zingati zipite kwa ejenti?

Ntchito ya m'magulu

Khalani atatuatatu. Mmodzi akhale landilodi, wina ejenti, wina tenanti. Lembani pepala la mgwirizano la nyumba ya zipinda ziwiri ya pa Nathenje. Mukamaliza, sinthanani mapepala ndi gulu lina kuti lifufuze zimene mwaiwala.

Mawu omaliza

Ejenti wokhulupirika amaonetsa chitupa chake, amatsegula chitseko cha nyumba, amakukumanitsani ndi mwini wake, ndipo amalemba risiti. Amene wakana chimodzi mwa zinayizi musiyeni, ngakhale nyumbayo itakongola bwanji, ngakhale atakhala m'bale wanu. Mukafika kunyumba, kafotokozereni makolo anu ndi abale amene ali kunja zimene mwaphunzira, ndipo ngati pakhomo panu pali nyumba ya lendi yopanda pepala la mgwirizano, kalembeni sabata ino.